Kuika malamba a mapazi pa foil board yopanda ma insert

Achimwene, mwafunsa ngati malamba a mapazi angamangike pa foil board yanu (thabwa loyendera pamadzi lokhala ndi phiko kunsi) yopanda ma insert, timapulagi ta mabowo tomangiramo sikuluu. Zimatheka, koma musangolowetsa sikuluu pamwamba pake. M'kati muli foam ya EPS, yoyera yopepuka ija, yosagwira kanthu. Sikuluu imazuka, madzi n'kumalowa.

Yambani mwalowa nayo m'nyanja popanda malamba, mulembe pomwe mapazi akukhazikika. Pamenepo gobani dzenje, mumatemo ndi epoxy (guluu wosakaniza mankhwala awiri) chidutswa cha foam yolimba ya PVC, chokulirapo kuposa insert. Insert ilowe m'chidutswacho, mabowo ake mutseke ndi sera, ndipo pamwamba muyale nsalu ziwiri za fiberglass ya 6 oz (muyeso wa kulemera kwa nsaluyo) zopitirira m'mbali ndi masentimita 5.

Guluu wa polyester uja amamatira maboti, ameneyo ayi ndithu, amasungunula EPS. Epoxy nayonso ikachuluka m'dzenje imatentha n'kudya foam, makamaka ndi dzuwa la kuno ku Mangochi. Sakanizani yochepa, pamthunzi, madzulo kukayamba kuzizira, chifukwa masana mpweya wa m'kati umafufuma n'kusiya timabowo pomwe mwamata.

Dikirani maola 48 musanamange malamba. Sikuluu zikhale za stainless (zosachita dzimbiri), ndipo muziyeze kaye kuti zisaboole pansi pa insert.