Ndasiya tirigu koma m'mimba simukupola, ndisiyenso chani?

Imelo ya mayi wina wa ku Lizulu yandikhudza kwambiri sabata ino. Akuti anawapeza ndi celiac, matenda omwe thupi limadana ndi tirigu, buledi ndi mandasi anasiya kalekale koma m'mimba mukufufumabe, kutsegula sikukutha, ndiye akufunsa ngati asiye mkaka, nyemba, mazira ndi mtedza zonse pakamodzi kuti aone chikuwavuta.

Mayi, chonde musatero. Njira imeneyi ndikuidziwa.

Ine pomwe ankandipeza ndi matendawa ku Blantyre ndinali nditatheratu, magazi ochepa, kukwera kamtunda kochokera ku msika wa pa boma kuno ku Ntcheu ndinkapuma panjira ngati gogo, kunyumba ena akuti ndi zilonda za m'mimba ena akuti pali dzanja la munthu. Adokotala ndi amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti thupi langa likakumana ndi gluten, puloteni wopezeka mu tirigu ndi mbewu zinzake za barley ndi rye, limadziukira lokha n'kumakumbudzula tinthu tonga ubweya ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya. Ndiye pa tinthu tomweto ndi pomwe pamakhala lactase, yemwe amagaya shuga wa mumkaka. N'chifukwa chake tiyi wamkaka ankandipotokola m'mimba ngakhale tirigu nditasiya, koma matumbo atachira patapita miyezi yambiri mkaka ndinayambiranso pang'onopang'ono ndipo lero chambiko ndimadya bwinobwino.

Koma chomwe chinandizunza nthawi yaitali sichinali mkaka ayi, anali tirigu yemweyo wobisala. Tchipisi cha pa chiwaya, mbatatesi payokha ilibe vuto, koma mafuta aja mwina m'mawa akazingiramo mandasi kapena samusa. Chigumu cha pamsika ambiri amathiramo fulawa kuti chifewe ndipo sakuuzani pokhapokha mufunse. Timakyubu tokometsera ndiwo, masoseji, tizokometsera ta m'mapaketi a soya, werengani kuseri kwa paketi muone. Kwa ife a mbali ya ku Tsangano komwe tirigu amalimidwa, ngakhale kuchigayo ndimafunsa kuti mwagaya chani ine ndisanathire chimanga changa. Mpaka mkate wa Mgonero, ndinachita kukakhala pansi ndi abusa ndipo anandimvetsa. Kunyumba ndili ndi mthiko wanga ndi sefa yanga, ana akudziwa kuti sizikhudza fulawa.

Zimene zimandipweteka mtima ndi timndandanda toyenda pa WhatsApp ndi Facebook, eti zakudya zoletsedwa kwa wodwala m'mimba, pansi pake nambala ya foni yogulira mankhwala otsuka matumbo. Anthu amenewa akuvulaza anzathu. Munthu wamagazi ochepa kale, umulande nyemba, mtedza, mazira ndi mkaka tsiku limodzi, watsala ndi chani pa mbale? Nsima ndi mpiru wopanda nsinjiro basi. Ndipo akapezako bwino sadziwa n'komwe kuti mwa zinayi zija cholakwa chinali chiti, amangoopa zonse mpaka kalekale. Chinanso, aliyense amene akungodziganizira kuti ali ndi celiac asasiye tirigu asanayezedwe, chifukwa magazi ndi kanyama ka m'matumbo komwe amatapa zimatha kuoneka zabwinobwino gluten akachoka m'thupi, n'kubwerera kunyumba opanda yankho. Matendawa akuti amagwira pafupifupi munthu 1 pa 100 padziko lonse, si a azungu okha monga ena amanenera.

Komanso ife tisamadandaule mopitirira, nsima, mpunga, mbatata, mbatatesi, chinangwa, mawere, mapira zonsezi zilibe gluten, ndiye chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku chili kale kumbali yathu.

Ndiye muchite bwanji

Yambani mwabwerera kuchipatala akaonenso magazi, mayeso a tTG omwe amaonetsa ngati thupi likulimbanabe ndi gluten, chifukwa mlingo wake ukakhala kuti sukutsika ndiye kuti mwina tirigu akulowabe penapake. Akayezenso chimbudzi, njoka za m'mimba ndi tizilombo totchedwa giardia zimatsegulanso m'mimba chimodzimodzi. Zotsatira za mayesowa zikakhala bwino gulani kope muzilemba chomwe mwadya, nthawi yake ndi momwe m'mimba mwachitira. Chotsani chinthu chimodzi chokha, yambani ndi mkaka, kwa masabata 2 mpaka 4, kenako mubwezereni pang'ono n'kumaonjezera kwa masiku 3. Zovuta za m'mimba zikabwerera mwamugwira, zikapanda kusintha mkaka ulibe mlandu, pitani ku nyemba, kenako anyezi ndi adyo, kenako mango, zomwe zili m'gulu la zakudya lotchedwa FODMAP lomwe a Monash University ku Australia anafufuza kuti limadzaza mpweya m'mimba. Tirigu yekha sabwezeredwa ngakhale pang'ono. Ndipo ngati chakudya china chimakutupitsani milomo kapena kukubanikitsani, chimenecho musayesere kunyumba, kaonaneni ndi adokotala.