Kulima chimanga kudambo

Achimwene, mwafunsa ngati pali vuto kulima kamunda ka chimanga kudambo. Vuto lilipo ndithu. Madambo a mu Harare ndiwo amasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mu Mukuvisi ndi Marimba, mitsinje yopita kunyanja ya Chivero, komwe tonsefe timamwako. Mukagalawuza dambo, udzu wosefa madzi umatha, dothi ndi feteleza zimakokolokera kumtsinje, namasupuni n'kuchulukirachulukira ku Chivero. Achule ndi mbalame zoswana muudzu zimasowa pokhala. N'chifukwa chake dambo la Monavale, la mu Harare momwemo, linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa padziko lonse, mu 2013.

Ndikudziwa kuti ufa wakwera mtengo, koma lamulo limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera kumtsinje, ndipo a EMA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, amalipiritsa chindapusa. Funani malo a kumtunda.