Mafunso ndi Mayankho: Tchire Lachilendo Lalanda Phiri Lathu

Funso: Akonzi, m'mphepete mwa nkhalango ya paphiri kwathu kuno ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, mwadzaza chitsamba chaminga chamaluwa achikasu ndi ofiira, chimene alangizi akuti ndi lantana. Tinachidula chaka chatha, koma chaphukanso mowirira kuposa kale. Kodi imeneyi si ntchito ya boma? — Mlimi wa ku Domwe

Yankho: Bambo, chitsambacho kwawo ndi ku America, ndipo chinabwera kuno ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere kutali, ndipo pamene chamera chimaphimba nthaka kotero kuti timitengo tachilengedwe sitingathe kukula. Masamba ake amawononganso chiwindi cha ng'ombe, choncho abusa achenjezedwe.

Cholakwika chinali kudula kokha, pakuti chitsa chikatsala m'nthaka chimaphukanso. Muyenera kuchizula ndi mizu yomwe, makamaka m'dzinja pamene nthaka ili yofewa, kenako muzibwererako mvula iliyonse kwa zaka zingapo kukazula timbande tisanachite maluwa. Moto musaudalire, chifukwa umapha mitengo yanthete pamene lantana amatulukanso pachitsa. Pamalo pozulidwapo bzalanipo msanga mitengo yakwanu komweko, monga masuku ndi katope m'mbali mwa mitsinje.

Apa ndi pamene ndikusiyana nanu pa za boma. Aganyu otumidwa kuchokera kutali amagwira mlungu umodzi n'kuchoka, koma amene amaona mbande ikangomera ndi mayi wotola nkhuni ndi mnyamata woweta mbuzi. Kutsidya ku Malawi, pa phiri la Mulanje, paini wochokera ku Mexico anafalikira mpaka kupanikiza mkungudza, ndipo pomuchotsa panafunika manja a anthu a m'midzi yozungulira phirilo.

Komabe munthu sangasamale nkhalango imene sapindula nayo. Malamulo a Mozambique amati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera kwa odula mitengo mwachilolezo zizibwerera kwa anthu a m'deralo kudzera m'makomiti awo, ndipo chigawo chathu cha Tete chinali m'gulu la zoyambirira kuyesa njira yotere kudzera m'pulogalamu yosamalira zachilengedwe yotchedwa Tchuma Tchato, m'boma la Mágoè, m'zaka za m'ma 1990. Kambiranani ndi amfumu, sankhani komiti, mugawane phirilo mudzi ndi mudzi, ndipo mukatero mukapemphe alangizi kuti akuthandizeni ndi zikwanje, makasu ndi mbande.