Nyumba ina ili ku Budiriro, ina ku Lilongwe: adzagawa ndani?

Mayi wina wa kuno ku Harare wandilembera imelo yomwe yandisowetsa tulo. Anabadwira ku Mufakose mu Harare momwemuno, makolo ake anachokera ku Ntcheu, koma iye ndi nzika ya Zimbabwe. Mu 2008 anakwatiwa ndi bambo wa ku Dedza, ukwati anakalembetsa kwa majisitireti ku Rotten Row. Anamanga nyumba ku Budiriro, dera lina la mu Harare, m'dzina la bamboyo, kenaka ina ku Area 25 ku Lilongwe. Tsopano bamboyo anabwerera kwawo, akuti banja latha. Funso lake ndi ili: “Dzina langa silili pa pepala lililonse. Kodi ndituluka chimanjamanja?”

Mayi, simutuluka chimanjamanja. Koma mukakhala phee kudikira kuti ankhoswe akambirane, nyumba ya ku Budiriro ikhoza kukupulumukani, ndiye ndiyambira pamenepo.

Kuno ku Zimbabwe ukwati suphatikiza katundu wa awiriwo. Chiyambire 1929, lamulo limati aliyense ndi zake, pokhapokha munasainirana pangano lapadera musanakwatirane. Choncho malinga ngati mlandu wa chisudzulo sunalowe m'khoti, amene dzina lake lili pa chikalata cha nyumba akhoza kuigulitsa, ndipo makhoti akhala akunena kuti kungokhala mkazi wake sikukwanira kuletsa malondawo. Ndinaziona ndi maso kwa mnansi wanga wina: anangoona munthu wachilendo akuyeza mpanda ndi tepi, iye akuanika zovala. Pezani loya msanga, alowetse mlandu, apemphe khoti kuti liletse kugulitsa nyumbayo. Ngati ili ndi chikalata ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini wa malo, aikepo chenjezo. Ngati ikadali m'mabuku a khonsolo kapena a kopareti, kalata ya loya ipite kumeneko.

Mwina mukuopa kuti popeza bamboyo ali ku Malawi ndiye mlandu uyenera kukazengedwa komweko. Kawirikawiri khoti limayang'anadi dziko lomwe mwamuna anakhazikika, koma gawo 3 la Matrimonial Causes Act, lamulo la ku Zimbabwe la milandu ya chisudzulo, linatsegulira amayi khomo: ngati ukwati unachitikira ku Zimbabwe ndipo mkazi wakhala kuno zaka ziwiri zotsatizana asanasumire, High Court imva mlanduwo. Inu mwakwanira. Masamoni okafika ku Dedza amafuna chilolezo cha khoti, zimachedwa ndithu, koma zimatheka.

Pogawa, woweruza amatsata gawo 7 la lamulo lomwelo. Amaona zaka zomwe mwakhala m'banja, zosowa za ana, zomwe aliyense angapeze mtsogolo, ndi zomwe aliyense anaikapo, kaya ndi ndalama kaya ndi ntchito ya pakhomo. Pa mlandu wa Takafuma mu 1994, Supreme Court inati katundu ayambe waikidwa patatu: za mwamuna, za mkazi, za onse, kenaka khoti lione ngati chilungamo chikufuna kutapa kwa wina kupatsa mnzake. Mu 2003, pa mlandu wa Usayi, mayi amene ntchito yake inali yolera ana ndi kusunga khomo anapatsidwa theka la mtengo wa nyumba. Ndimaukonda mlandu umenewu, chifukwa unanena poyera zomwe azimayi athu amadziwa kale, kuti kudzuka m'bandakucha kuphikira amisiri ndi kumanganso nyumba. Chimene khoti silikhudza ndi katundu wa cholowa, monga ng'ombe zimene bamboyo anasiyiridwa ndi malume ake.

Mwandiuza kuti munkagulitsa zovala za kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo. Tsegulani chitini chija mumasungamo mapepala. Malisiti a simenti, a malata, timapepala totumizira ndalama ku Lilongwe, mauthenga a pa WhatsApp onena kuti “ndalama ya njerwa ndalandira”, zonse zijambuleni ndipo makope mukasungitse kwa m'bale wokhulupirika.

Ya ku Area 25 ndiyo yovuta. Woweruza wa ku Harare alibe mphamvu yosintha umwini wa malo amene ali m'dziko lina. Malo amamvera khoti la dziko lomwe ali. Njira zilipo ziwiri. Loya wanu angapemphe kuti woweruza aiwerengere nyumba ya ku Lilongwe ngati chuma chomwe bamboyo watsala nacho, inu mupatsidwe gawo lalikulu la ya ku Budiriro, mwina yonse. Apo ayi, mukwere basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, mukatsegule nkhani ku khoti la ku Malawi. Kumeneko simuli mlendo pamaso pa lamulo: gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse banja likatha, ndipo Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imawerengeranso ntchito ya pakhomo. Koma maloya awiri m'mayiko awiri amadya ndalama, ndipo maulendowo adzakusiyitsani malonda. Ine ndikanakhala inu ndikanalimbira nyumba yomwe ana akugonamo lero. Chinanso, fufuzani ngati puloti ya ku Lilongwe ilidi m'dzina la bamboyo, chifukwa ambiri okhala kunja amagula kudzera mwa mchimwene kapena mlongo wawo, pepala n'kutuluka m'dzina la m'baleyo.

Kwa ena owerenga amene munakwatiwa ndi mwamuna wokhazikika ku South Africa, nkhani yanu ndi ina. Malamulo a katundu wa banja amatsata dziko lomwe mwamuna anali atakhazikika pa tsiku la ukwati, ndipo kumeneko, popanda pangano lapadera, katundu yense amakhala wa onse awiri. Muuzeni loya zimenezi tsiku loyamba.

Mayi, ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza osowa ndalama ya loya, kapena ku Zimbabwe Women Lawyers Association. Tengani setifiketi ya ukwati, chiphaso chanu, makalata a kubadwa a ana ndi chitini chija. Ankhoswe apitirize kukambirana, palibe choletsa, koma musasaine pepala lililonse limene achibale a bamboyo angabwere nalo loya asanaliwerenge, ndipo musasamuke m'nyumbamo.