Musagwetse injini musanafunse koyilo

Achimwene ena a ku Ntcheu andilembera imelo sabata yatha. Ali ndi kagalimoto kamumchenga, kaja azungu amati buggy, ka injini ya Volkswagen Beetle. Akuti kakatentha pachitunda kamathima, akakasiya theka la ola kamaliranso bwinobwino, ndipo makaniko wawauza kuti mankhwala ake ndi kugwetsa injini yonse. Akufunsa ngati avomere.

Achimwene, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, mtima ukundiwawa. Mawu amene mwauzidwawo ndinauzidwapo inenso, ndipo ndinavomera.

Kanga ndinakatenga kwa malume anga. Kanakhala zaka kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira pampando. Malumewo ndiwo anandiuza kuti timagalimoto totere anatiyambitsa Bruce Meyers ku California mu 1964, pochotsa bodi ya Beetle, kufupikitsa chasisi n'kuvekapo chigoba chopepuka. Injini imakhala kumbuyo, kulemera kwake kuli pa mateyala okoka, n'chifukwa chake sikatitimira wamba mumchenga. Ndinakadzutsa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina ndinatsika nako Khwekhwelere mpaka ku Golomoti, n'kupitirira ku Mua ndi ku Mtakataka. Potsika kanali ngati mwana womvera. Pobwerera masana, dzuwa lili paliwombo, ndili pakati pa makhotamakhota aja, kanatsokomola kawiri n'kuthima. Ndinaika mwala kuteyala, ndinakhala pamthunzi. Patapita kanthawi ndinapotokola kiyi, kanalira ngati palibe chachitika. Ndisanafike pa Masasa kanathimanso.

Makaniko amene ndinamupeza sanatsegule ngakhale chivindikiro cha distributor, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi. Anangomvetsera kulira kwake, n'kupukusa mutu, amvekere: "Bwana, maring'i a mapisitoni atha, apa n'kugwetsa basi." Chaka chimenecho ndinali nditakolola bwino kachewere kumunda wa ku Bembeke. Ndalama yonse ya matumba amenewo inathera pa injiniyo. Atamaliza kumanga, ndinaona zitsulo zopyapyala zija zimakuta masilinda zili mulu pakona. Nditafunsa anati, "Zitini izi zimangotsekereza mphepo, galimoto yanu ndi yapoyera kale." Ndinakhulupirira, popeza iye ndiye anali ndi masipanala.

Kanathimanso pachitunda chomwe chija. Vuto silinali maring'i ayi. Anali koyilo wokalamba, amene akatentha amasiya kupereka moto, akazizira n'kuyambiranso. Chinthu chogula ndi ndalama ya thumba limodzi kapena awiri. Koma pofika nthawi imene ndinazindikira, zitini zija zinali zitandipweteka kale. Patatha miyezi iwiri, ndikukwera kupita ku Chongoni, ndinamva phokoso ngati munthu waponya misomali mumphika. Titatsegula ndi malume, tinapeza mutu wa vavu ya ekisozi ya silinda yachitatu utaduka, utamira pamwamba pa pisitoni ngati ndalama yachitsulo yopondedwa m'matope. Malume anaunyamula pachikhatho, anaupenda, sanayankhule kanthu. Mpaka lero ndimausunga m'kabati.

Ndiye ndikuuzeni mosapsatira. Injini ya Beetle ilibe radiyeta, ilibe madzi. Moyo wake wonse uli pa fani, pa lamba woyendetsa faniyo, pa oyilo, ndi pa zitini zomwe zimakakamiza mphepo kudutsa m'zipsepse za masilinda. Mukazichotsa, mphepo imangobalalika, ndipo mpweya wotentha wochokera ku ekisozi umabwereranso mufani. Pa mainjini akale choziziritsira oyilo chimakhala panjira ya mphepo yopita ku silinda yachitatu, n'chifukwa chake imeneyo ndiyo imayamba kupsa. Munthu aliyense wokuuzani kuti zitinizo n'zokongoletsera, mulandeni kiyi, mukankhe galimoto yanu kutuluka pamalopo. Sindikunyoza amakaniko athu, ambiri ndi aluso ndipo amapanga zozizwitsa ndi zipangizo zochepa. Koma anyamata a lero anakulira pa Toyota ndi pa njinga za kabaza. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo ya masilinda anayi ogona cham'mbali ambiri sanaigwirepo, ndipo kunena kuti "sindikuidziwa" kumawavuta. Chimandipweteka n'choti wolipira kusadziwako ndi mwini galimoto.

Pali chinanso chimene ife a kuno kumapiri timaiwala. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kuno mpweya ndi wopepuka. Kabureta mukaitchunira kuno kuti izilira mokoma m'mawa wa Juni chifunga chili tolo, mukatsikira ku Golomoti imakalandira mpweya wochuluka pa petulo yemweyo, ndipo injini yoperewera petulo imatentha kwambiri. Onjezanipo kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala, mchenga wofuna giya yoyamba ndi yachiwiri, kenaka chitunda chobwerera. Mwaiunjikira zonse tsiku limodzi.

Nanga petulo? Wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ine sinditsutsa zimenezo, koma mapaipi arabala akalekale amawadya m'kati, tizidutswa n'kumakatseka timabowo ta kabureta, komanso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Za petulo wa m'zigubu, amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, ndisayambe n'komwe. Ndinathirapo wina m'botolo loyera n'kulisiya usiku wonse pawindo. M'mawa pansi pake panali madzi okwana chala chopingasa, ndi tizinyalala tofiira. Chiyambire pamenepo ndimasefa pansalu, ndipo ndinaika kasefa pakati pa thanki ndi pampu, kutali ndi ekisozi. Paipi ya petulo ikang'ambika pamwamba pa injini yotentha, ma Beetle ambiri atha ndi moto mwanjira imeneyo.

Tsono kakathimanso chitani izi

Musadikire kuti kazizire, chifukwa umboni umathawa ndi kutenthako. Poyamba onani lamba wa fani ngati alipo ndiponso ngati ali wokungika. Getsi lofiira la jenereta likayaka mukuyenda, imani pomwepo, pakuti lamba yemweyo ndiye amayendetsa fani. Gwirani kachitsulo koyezera oyilo. Kakakuwotchani moti simungakagwire, injini yatentha mopitirira muyeso.

Kenaka moto. Zulani waya wapakati pa distributor, mugwire ndi pulayala ya zogwirira zarabala pafupi ndi chitsulo cha injini, kutali ndi kabureta, mnzanu apotokole kiyi. Moto wabuluu wothetheka ndi wabwino. Wachikasu wofooka, kapena kusoweratu, kayikirani koyilo kapena kondensa wa pa distributor. Moto ukakhalapo, chotsani sefa ya mpweya, suzumirani m'kabureta injini ili chete, mukoke chingwe cha chopondera mafuta. Muyenera kuona petulo akutsanyuka. Akapanda kutero, mwina waphwera m'paipi kapena m'pampu chifukwa cha kutentha. Nyowetsani nsanza muike papampupo, mudikire pang'ono. Tsegulaninso chivindikiro cha thanki. Mukamva kuti psii, kabowo kopumira katsekeka.

Mawa lake m'mawa, injini ili yozizira, yezani mavavu: mpata wake ndi mamilimita 0.15. Wa mapointi a mu distributor ndi 0.4. Mawaya a mapulagi atsate dongosolo la 1-4-3-2. Oyilo ndi malita awiri ndi theka, ndipo popeza injiniyi ilibe fyuluta yeniyeni, koma kasefa kawaya pansi, pafumbi la ku Tsangano musadikire makilomita 5,000.

Vavu ya silinda yachitatu mukaipeza yathina, mukaimasula n'kuipezanso yathina patangotha milungu yochepa, ndiye kuti ikutamuka. Pamenepo pokha ndi pamene ndingakuloleni kutsegula, ndipo mutsegule hedi yokha kaye. Makanikoyo mumuuze ayambe wayeza kompuresheni pa silinda iliyonse inu muli pomwepo, manambala alembe papepala. Akakana, mundilemberenso, koyilo wina ndili naye wapadera, tidzakumana pa Lizulu tsiku la msika.