Yankho kwa achemwali amene afunsa za ndalama zosamalira deta ya kafukufuku

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumaphunzitsa pa yunivesite, mwakhala mukusonkhanitsa deta kwa zaka zingapo, ina ili pa laputopu, ina pa hard drive, ina ikadali m'mapepala. Mukufuna ndalama zoti muikonze, muisunge pamalo odalirika, kenaka mupangirepo pulogalamu ya pa foni yothandiza anthu amene munkawafunsa mafunso aja. Ndiye mwafunsa kuti ndalama zotere zimapemphedwa kuti. Anzathu ena akutchulirani kale maina a mabungwe, ndipo sanalakwe. Ine ndiyambira pa chinthu chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse.

Mwamanga mitolo iwiri ndi chingwe chimodzi. Ndalama zosamalira deta ndi ndalama zopangira luso latsopano zimachokera m'matumba osiyana, ndipo amene amawerenga mapulopozo ake amafunsa mafunso osiyananso. Mukazilemba pamodzi, wowerenga aliyense amaona kuti theka la pempho lanu silikumukhudza. Imasuleni kaye mitoloyi.

Pa mtolo wa deta, ambiri timataya nthawi kudikira chilengezo cholembedwa kuti "ndalama zosamalira deta". Zilengezo zotere zilipo, koma n'zochepa kwambiri. Ndalama zochuluka za ntchito imeneyi zili m'kati mwa giranti ya kafukufuku wamba, ndipo zimaperekedwa kwa amene wazilemba mu bajeti. Onani mmene opereka ndalama akuluakulu asinthira. National Science Foundation ya ku United States idayamba mu 2011 kufuna kuti pulopozo iliyonse ikhale ndi masamba awiri ofotokoza mmene deta idzasamalidwire. National Institutes of Health idakhwimitsa lamulo lake kuyambira pa 25 Januwale 2023, ndipo imalola kuti ndalama zokonzera, kufotokozera ndi kusungira deta zilowe mu bajeti. Horizon Europe, ndondomeko ya European Union ya zaka za 2021 mpaka 2027 yokhala ndi mayuro pafupifupi 95.5 biliyoni, imafuna pulani ya deta pofika mwezi wa 6 pulojekiti itayamba. Wellcome ya ku London nayonso imafunsa za pulani yotere ndipo imalipira zofunikira zake. Amene wakulamulani kuti musamale deta amayembekezeranso kuti mumuuza mtengo wake. Ife ndi amene timachita manyazi, n'kusiya mzere umenewo wopanda kanthu.

Nanga mtengowo ndi wa chiyani? Apa ndi pamene ambiri amangolemba kompyuta ndi hard drive, n'kumati atha. Zida ndiye gawo laling'ono. Chimene chimadya ndalama ndi nthawi ya munthu: wolemba papepala mawu amene munajambula, womasulira, wofufuta maina ndi zizindikiro zina zoti munthu angadziwike nazo, wolemba chikalata chofotokoza kuti nambala iliyonse mu tebulo lanu ikuimira chiyani ndipo inayezedwa bwanji. Ola limodzi la zokambirana zojambulidwa limamutengera wolemba maola angapo. Werengani maola amene muli nawo, muchulukitse, muone miyezi imene ikutuluka, ndipo miyezi imeneyo ikhale malipiro a munthu mu bajeti. Onjezani zolipira kumalo osungira deta ngati amalipiritsa. Chenjerani pa ichi: opereka ndalama ambiri amangovomereza zimene zalipidwa giranti isanatseke. Ngati mukufuna deta isungidwe zaka 10, pezani malo olola kulipiriratu pulojekiti ikadali moyo.

Ndikunena izi ndi chisoni ndithu. Pa pulojekiti yanga yoyamba sindinaikemo ngakhale kangachepe ka ntchitoyi. Mawu a anthu amene anatipatsa nthawi yawo, ena mwa iwo okalamba, anali pa hard drive imodzi yokha, ndipo tsiku lina inangosiya kuyaka. Zina tinazipulumutsa, zina zinapita. Anthu aja anatikhulupirira, ndipo ena mwa iwo sitingawafunsenso.

Mwina mukuti, koma deta yanga ndi yakale, giranti yake inatha kalekale. N'zoona, ndipo opereka ndalama ochepa okha amalipira kuti munthu angokonza zakale. Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yoti mupeze funso latsopano limene deta yanu ingayankhe, makamaka ikaphatikizidwa ndi ya anthu ena kapena ikayerekezedwa ndi zimene zilipo lero. Pamenepo kukonza deta yakale kumakhala ntchito yoyamba ya pulojekiti yatsopano, ndipo wowerenga amaona chifukwa cholipirira. Deta ya zaka zingapo zotsatizana ndi chuma, chifukwa palibe ndalama imene ingabweze zaka zapita kuti munthu akayeze zimene sanayeze. Nenani zimenezi mosabisa mu pulopozo.

Matumba olipira deta payokha alipo ndithu. Lacuna Fund, imene idakhazikitsidwa mu 2020 ndi Rockefeller Foundation, Google.org ndi IDRC, bungwe la ku Canada lolipira kafukufuku wa zachitukuko, yapereka ndalama zopangira deta yophunzitsira makompyuta pa nkhani za ulimi, zilankhulo, zaumoyo ndi kusintha kwa nyengo. Chan Zuckerberg Initiative idayamba mu 2019 kulipira anthu osamalira mapulogalamu aulere amene asayansi amadalira. Zilengezo za matumba otere zimatseguka kwa nthawi yochepa ndipo zimakhala za mutu umodzi, choncho amene amapindula ndi amene anakonzeka chilengezo chisanatuluke.

Kukonzekako sikufuna ndalama zambiri. Nambala ya ORCID, ya manambala 16 imene imakusiyanitsani ndi ofufuza ena a dzina lofanana ndi lanu, ndi yaulere, ndipo mabungwe ambiri amaifuna. Masamba a pa intaneti a DMPonline ndi DMPTool amakutsogolerani polemba pulani ya deta motsatira mafunso a wopereka ndalama amene mwasankha. Nkhokwe ya deta ya pa intaneti yotchedwa Zenodo, imene imayendetsedwa ndi bungwe la sayansi la ku Ulaya la CERN kuyambira 2013, imasunga kwaulere mpaka 50 GB pa chinthu chimodzi ndipo imapereka DOI, nambala yosatha yoti ena azitchula akagwiritsa ntchito deta yanu. Sankhani kagawo kamodzi kopanda zinsinsi za anthu, mukakonze bwino, mukaike kumeneko. Mukadzalemba kuti "ndidzagawana deta", wowerenga adzaona kuti munachitapo kale. Muzimvanso mawu oti FAIR, amene adafalitsidwa mu 2016. Tanthauzo lake ndi loti deta izipezeka munthu akaisaka, pakhale njira yodziwika yoifikira, izigwirizana ndi deta ina, ndipo ifotokozedwe mokwanira moti wina angaigwiritse ntchito popanda kukuimbirani foni. Sizitanthauza kuti zonse zikhale poyera. Deta ikhoza kukhala yokiyidwa, bola padziwike kuti ilipo ndiponso amene angapemphedwe kiyi.

Izi zikundifikitsa pa chinthu chimene ndikukupemphani muchite musanalembe chilembo n'chimodzi chomwe cha pulopozo. Kafukuleni fomu ya chilolezo imene anthu anu anasaina kapena kudinda. Ngati inawalonjeza kuti mayankho awo adzaonedwa ndi gulu lanu lokha, lonjezo limenelo likugwirabe, ndipo ndalama sizingalifafanize. Mudzafunika kubwerera ku komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa kuti ikuuzeni chimene chingatheke. Kuchotsa dzina pakokha sikukwanira: zaka, ntchito ndi dera zikakhala pamodzi zimatha kuloza munthu mmodzi. Ngati mudzagwira ntchito ndi anzanu a ku Ulaya, adzakufunsaninso za lamulo lawo loteteza deta yokhudza anthu, lotchedwa GDPR, limene lidayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018.

Tsopano mtolo wachiwiri, wa pulogalamu ya pa foni. Ndikuuzeni moona mtima, owerenga mapulopozo aona mapempho a mapulogalamu a pa foni ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa mapulogalamuwo anazilala giranti itangotha. Mafunso awo ndi awa: ndani adzaigwiritsa ntchito, mwalankhula naye kale, pakali pano vuto lakelo amathana nalo bwanji, ndipo ndani adzalipira seva ndi wokonza zolakwika ndalama zathu zikatha? Ndondomeko ya I-Corps, imene National Science Foundation idayamba mu 2011, imatuma magulu a ofufuza kukalankhula ndi anthu osachepera 100 amene angadzagwiritse ntchito chinthu chawo, m'masabata 7 okha. Ndondomekoyo ndi ya mayunivesite a ku United States, koma nzeru yake aliyense angaitenge. Mukalankhula ndi anthu 30 okha, pulopozo yanu idzasintha, ndipo mwina mudzapeza kuti chimene akufuna ndi uthenga wamba wa pa foni kapena pepala losindikizidwa bwino.

Dziwaninso pamene mwaima. Opereka ndalama za luso latsopano amagwiritsa ntchito muyeso wa TRL, umene udayambira ku NASA, wochoka pa 1 kufika pa 9. Pa 1 muli ndi ganizo chabe, pakati muli ndi chinthu chimene chayesedwa mu labu, pa 9 chikugwira ntchito m'manja mwa anthu. Zilengezo zambiri zimanena kuti zikufuna kuyambira pati ndi kuthera pati. Inu muli kumunsi, ndiye sakani ndalama zoyesera ganizo, zija zazing'ono. Grand Challenges Explorations ya Gates Foundation, imene idayamba mu 2008, idatchuka chifukwa chopereka madola 100,000 pa pempho la masamba awiri, owerenga osaona dzina la wopempha. Grand Challenges Canada ili ndi ndalama zoyambira ndi zina zokulitsira chimene chaonetsa kale kuti chikugwira ntchito. European Research Council ili ndi mayuro 150,000 oyesera ngati zotsatira za kafukufuku zingasanduke chinthu chogwiritsidwa ntchito, koma imapereka kwa okhawo amene ali kale ndi giranti yake. N'chifukwa chake gawo loyamba kuwerenga pa chilengezo chilichonse ndi lonena za amene ali oyenera kupempha. Likakukanani, musavutike ndi masamba otsalawo.

Ngati mukuganiza kuti mu ntchito yanu muli chinthu choyenera patenti, chikalata choteteza umwini wa luso latsopano, musachifalitse musanalankhule ndi ofesi yoona za umwini wa luso pa yunivesite yanu. Ku Ulaya ndi m'maiko ena ambiri, chinthu chikangolankhulidwa pamsonkhano kapena kusindikizidwa sichionedwanso ngati chatsopano. United States imapereka chaka chimodzi cha chisomo, koma musadalire zimenezo.

Chimene anzathu sanatchule n'chakuti giranti zambiri sizipatsidwa kwa inu monga munthu. Zimapatsidwa ku yunivesite, ndipo wosaina ndi mkulu wa kumeneko. Kuti mupemphe ku European Union, yunivesite iyenera kukhala ndi nambala ya PIC, ya manambala 9, imene imapatsidwa ikalembetsa kumeneko. Ku boma la United States kulinso kalembera wake, ndipo amatenga nthawi. Palinso gawo la ndalama limene yunivesite imatenga polipirira magetsi, nyumba ndi owerengera ndalama: Horizon Europe imapereka 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zogwirira ntchito, mabungwe ena amapereka zochepa kuposa apo, ndipo ofesi yanu iyenera kuvomereza. Ine ndinalembapo pulopozo kwa miyezi iwiri, n'kupita nayo kukasainitsa kutatsala masiku awiri. Wosaina anali paulendo, ndipo pempho silinatumizidwe. Cholakwa chinali changa. Pitani ku ofesi yoona za kafukufuku tsiku limene mwaona chilengezo, mufunse tsiku lawo lomaliza, chifukwa limafika msanga kuposa la wopereka ndalama. Mupitenso ku laibulale. Ogwira ntchito kumeneko ambiri aphunzira za kasamalidwe ka deta, ndipo ife aphunzitsi timawadutsa.

Poyambira, yang'anani pafupi. Mayunivesite ambiri ali ndi kathumba koyambitsira kafukufuku, ndipo maiko ambiri ali ndi bungwe la boma lopereka ndalama za sayansi. TWAS, bungwe la sayansi la ku Trieste m'dziko la Italy, imathandiza ofufuza a m'maiko amene akutukuka kumene pogula zida ndi zogwiritsira ntchito mu labu. IDRC imalipira kafukufuku wochitidwa ndi anthu a m'maiko omwewo. Giranti yaing'ono yoyendetsedwa bwino, malipoti ake atatumizidwa pa nthawi, ndiyo imatsegula khomo la yaikulu. Walira mvula walira matope: ndalama zikabwera, pamabweranso malisiti, malipoti ndi ofufuza mabuku, ndipo ndi bwino kuziphunzira pa ndalama zochepa.

Ku Horizon Europe mungalowe ngati mmodzi wa ogwirizana. Mapulojekiti ake ambiri amafuna mabungwe osachepera 3 ochokera m'maiko 3 a European Union kapena ogwirizana nayo, koma mayunivesite a m'maiko ambiri osauka ndi a chuma chapakatikati amaloledwa kulowa n'kulandira ndalama. Deta yanu ndi imene ingakuitanitseni ku gulu lotere. Ikakuitanitsani, musavomere kukhala wongotolera ndi kutumiza. Zilembedwe pulopozo isanapite: deta ndi ya ndani, idzasungidwa kuti, ndani adzaisanthula, maina adzatsatana bwanji pa zofalitsa, ndipo ophunzira anu adzapindula chiyani. Kukambirana zimenezi ndalama zitalowa kale kumakhala kovuta kwambiri, ndipo ndaonapo ubwenzi wa zaka zambiri ukutha chifukwa cha zimenezi.

Wina akakulemberani kuti mwapambana giranti imene simunapemphe, kapena akakuuzani kuti mutumize ndalama kaye kuti pempho lanu liwerengedwe, musayankhe. Pitani nokha pa tsamba lenileni la bungwelo mukaone ngati chilengezocho chilipo.

Simunatchule phunziro lanu, ndiye tiuzeni ngati deta yanu ndi ya zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro kapena zina, chifukwa malo oyenera kuisungira ndi mabungwe oyenera kuwapempha zimadalira pamenepo. Ndipo fomu ya chilolezo ija mukaipeza, lembani pano chiganizo chokhacho chonena za amene adzaone mayankho, osaikapo dzina la munthu kapena dera, tichiwerengere limodzi.