Za mfuti yosakira elk: musagule yomwe phewa lanu liziyiopa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati anzanu akuntchito kuno ku Colorado akufuna akutengeni kosaka elk mu Okutobala, ndipo akuti mugule mfuti yamphamvu ya .300 Winchester Magnum (.300 Win Mag) basi chifukwa nyamayo ndi yaikulu, koma inu thupi ndi laling'ono komanso phewa lakumanja munavulala nalo kale, nde mukufunsa ngati palibe ina yoti igwetse elk koma osakumenyani kwambiri. Ilipo ndithu, ndipo si imodzi.

Anzanuwo sakunama pa za kukula. Elk yamphongo yokhwima imafika makilo 300 kapena kuposa, yaikazi imasewera cha m'ma 220. Mukafuna kuiona m'maso, ganizirani nyama yoposa ngoma koma yosafika pa ntchefu yamphongo. Fupa lake la phewa ndi lokhuthala ndipo ikavulala imatha kuyenda mtunda wautali kutsika m'zigwa zoti inu kukafikako ndi thukuta. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala omwe akupatsaniwo.

Ine chaka changa choyamba ndinamvera malangizo omwewo, ndinagula .300 Win Mag yopepuka poganiza kuti kukwera nayo phiri kuzikhala kosavuta. Ku range, malo ophunzirira kuombera, zipolopolo zitatu zoyamba zinkalowa pabwino, kufika cha khumi zayamba kumwazika, ine nkumati sikopu, galasi lolozera la pamfuti, ndi yomwe yavuta. Bambo wina wachikulire amene ankaombera pa benchi yoyandikana anandipempha mfuti ija, anandiuza kuti nditembenuke, nkuikamo chipolopolo chabodza chapulasitiki ine osadziwa. Nditakoka trigger kunangomveka kuti tche, koma mlomo wa mfuti unagwa pansi ine ndikuona, phewa ndinali nditalikankhira kale kutsogolo, diso nditatsinzina. Thupi linali litaphunzira kuopa chibakera chisanabwere. Vuto limeneli ndi lomwe limavulaza nyama zambiri m'mapirimu kuposa kuchepa kwa chipolopolo, chifukwa magnum yolowa m'matumbo siipha msanga, elk ija imapita kukafera kutali mozunzika, inu nkubwera chimanjamanja mtima ukuwawa. Zinanditengera miyezi ndikuombera kamfuti kakang'ono ka .22 kuti mantha aja achoke.

Tikambe manambala pang'ono. Pa mfuti yolemera mapaundi 8 kapena apo, .300 Win Mag ndi chipolopolo cha grain 180 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) imakukankhani ma foot-pound (muyeso wa mphamvu) opitirira 25. Ya .30-06, ija yakalekale ya 1906, ili cha pa 20, ndipo anthu ambiri pamenepo ndi pomwe amayamba kudzidzimuka akaombera kambirimbiri. Ya .308 Winchester ndi .270 Winchester zili cha pa 16 mpaka 18. Kenako 7mm-08 Remington ndi 6.5 Creedmoor zili cha pa 12 kapena 13, kutanthauza theka la magnum ija. Lamulo la Colorado nalo silifuna magnum ayi, limati caliber, kutanthauza kunenepa kwa chipolopolo, iyambire pa .24, chipolopolo chikhale chotambasuka chikalowa m'nyama, cholemera grain 85 kupita m'mwamba pa elk, ndipo mphamvu yake ifike ma foot-pound 1,000 pa mayadi 100. Koma apo ndi poyambira chabe, .243 ikukwanira pa lamulo koma ine munthu woyamba kumene sindingamupatse pa elk yamphongo, ikangopendeka pang'ono chipolopolo nkugunda fupa, mwavutika.

Kwa inu ndi phewa lanulo, ndikanati 7mm-08 ndi chipolopolo cha grain 140. Inatuluka mu 1980, ndi chikhokhombe cha .308 chomwecho anangochepetsa kukamwa kwake, nde imakankha mofewa koma imalowa mozama bwino. Vuto lake ndi limodzi, m'masitolo ang'onoang'ono a m'matauni ngati Meeker kapena Craig mukhoza kuipeza mtundu umodzi wokha kapena osaipeza kumene, nde mumagula mabokosi okwanira musananyamuke. Ngati phewa lingalole pang'ono, .308 ndi yomwe ine ndimagwiritsa ntchito pano, grain 165, zipolopolo zake zili paliponse ndipo zophunzirira ndi zotchipa, zomwe zikutanthauza kuti muziombera kwambiri, ndipo kuombera kwambiri ndi komwe kumapanga mlenje. Ya .270 nayonso ndi ya 1925, yadyetsa mabanja nyama ya elk zaka pafupifupi 100, ndi grain 150 palibe chodandaula.

Za 6.5 Creedmoor mumva mikangano yambiri, ena amaikonda ngati mwana woyamba ena amaitukwana. Maganizo anga ndi oti imapha elk, ku Sweden anthu akhala akugwetsa moose, nyama ya mtundu wa agwape yomwe ndi yaikulu kuposa elk, ndi 6.5x55 yomwe mphamvu yake ndi yofanana nayo, koma imafuna munthu wodziletsa, woti nyama ikaima molakwika kapena patali amatsitsa mfuti nkuisiya ipite. Woyamba kumene mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule sadziletsa choncho kawirikawiri.

Chomwe anthu amaiwala ndi chipolopolo chenichenicho, amakangana za caliber tsiku lonse kenako nkugula bokosi lotchipa la agwape. Pa elk mukufuna cholimba chosaphwanyika chikagunda fupa. Nosler Partition ilipo kuyambira 1948 ndipo mpaka lero ikugwira ntchito, kutsogolo kumatambasuka kumbuyo kumakhala kwathunthu nkumapitirira kulowa. Palinso AccuBond, kapena za kopa yekhayekha ngati Barnes TTSX zomwe kawirikawiri zimatulukira mbali ina, nde magazi amatsika mbali ziwiri kulondola nkosavuta. Gulani mitundu iwiri muyese, mfuti iliyonse ili ndi chomwe imakonda.

Mfutiyo isakhale yopepuka kwambiri. Ndikudziwa m'sitolo yopepuka imakoma m'manja, ndipo kumene mukupitako ndi kokwera, malo ambiri a elk ali pa mamita 3,000, kutalika kwa Sapitwa, mpweya umachepa mwendo nkumalemera, koma mfuti ikapepuka chibakera chonse chimathera pa inu. Mapaundi 8 kapena 8 ndi theka pamodzi ndi sikopu ndi pabwino. Ikani recoil pad, kamphira ka kumapeto kwa chitsa cha mfuti, yofewa ngati Limbsaver, ndi ndalama zochepa koma kusiyana mukumva tsiku lomwelo. Onaninso kutalika kwa chitsa chake, ngati ndi chachitali kuposa mkono wanu chimakhala pa fupa m'malo mwa pamnofu, ndipo pa phewa lovulala zimenezo ndi zowawa. Sikopu ikhale patali ndi diso mainchesi atatu ndi theka kapena anayi, ndinaonapo mnyamata akutuluka magazi pa nsidze chifukwa choyandikitsa nkhope. Muzzle brake, kachitsulo komangirira kumlomo kwa mfuti, imachepetsadi kukankha koma phokoso lake ndi loopsa, wapambali panu amamva ngati mwamuomba khofi, nde popanda zotseka m'makutu musayerekeze. Ndipotu theka la kudzidzimuka kumachokera ku phokoso, ku range valani zolowetsa m'khutu ndi zovindikira pamwamba zonse ziwiri.

Pophunzira musakhalitse pa benchi, pamenepo ndi pomwe mfuti imamenya kwambiri komanso kutchire kulibe benchi. Mukaiwongola sikopu, khalani pansi, gwadani, tsamiritsani pa chikwama chanu. Tengani mbale ya pepala muipachike, mtunda womwe mukuilasa kasanu mwa kasanu ndi umenewo mtunda wanu, kaya ndi mayadi 150 kaya 250, kupitirira apo musaombe ngakhale anzanu akunong'onezeni kuti menya menya. Lozani kuseri kwa mwendo wakutsogolo pomwe pali mapapo, ndipo ikakhala kuti idakaimabe ikani china muombenso.

Musanapite kusitolo onani mapepala anu. Ngati muli pa green card palibe vuto, koma ngati muli pa visa ya sukulu kapena ya ntchito lamulo la federal silikulolani kukhala ndi mfuti pokhapokha muli ndi laisensi yosakira nyama yomwe ikugwira ntchito, nde yambani ndi laisensiyo, osati mfuti. Ndipo kuti Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ikupatseni laisensi, kawirikawiri munthu wobadwa kuyambira 1949 amayenera kuchita kaye kosi ya alenje yotchedwa hunter education, lembetsani pano chifukwa makalasi amadzaza nyengo ikayandikira. Zovala za orenji kapena pinki zowala nazonso ndi lamulo, chipewa ndi chapathupi.

Ngati muli chakuno ku Denver ndilembereni ku inbox, Loweruka lina tikumane ku range, ndibweretsa .308 yanga ndipo ndibwereka 7mm-08 ya mnzanga, muombe zitatu zitatu iliyonse mumve nokha paphewapo musanatulutse ndalama.